MAU ATHU: Civomezi Siciimba Ng'oma

Ku Iceland, dziko la pacisumbu ca kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, kuli tauni yaing'ono ya alimi yochedwa Hvolsvöllur, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kucokela ku likulu lao la Reykjavík. M'tauni imeneyi, mu 2017, anatsegula miziyamu yochedwa Lava Centre. Nkhani yake ndi ya mapili ophulika moto ndi zivomezi cabe. Ife tiona kuti zimene zicitika m'nyumba imeneyi zili ndi phunzilo lalikulu kwa boma lathu, mipingo ndi alimi.

Miziyamu imene tinazolowela ndi ija yakuti munthu ayenda manja ali kumbuyo, n'kumayang'ana zinthu za m'magalasi, pakhoma atalembapo kuti osagwila. Ya ku Hvolsvöllur siili telo. Mlendo aloledwa kugwila ndi kuyesa. Pali malo pamene pansi pagwedezeka monga mmene pacitila pa civomezi, ndipo munthu amva m'miyendo mwake cinthu cimene mphunzitsi akanatha ola lathunthu kucifotokoza. Pali cipilala cofiila cotalika mamita 12, coonetsa mmene mwala wotentha ukwelela kucokela pansi pa dziko lao. Pali kanema wa mapili alikuphulika, ndi makina oonetsa zivomezi zimene zacitika m'dzikomo masiku omwewo. Potsiliza mlendo akwela pamwamba pa nyumbayo, ndipo kukakhala kopanda mitambo aona cigawo conse cimene kuli mapili oopsa a Hekla, Katla ndi Eyjafjallajökull.

Anthu a ku Iceland sanamange nyumba imeneyi cifukwa cosowa cocita ndi ndalama. Dziko lao lili pamalo pamene zigawo ziwili zikulu-zikulu za nthaka ya dziko lapansi zipatukana, pafupifupi masentimita 2 caka ciliconse. Anaona zowawa. Mu 1783 phili la Laki linaphulika kwa miyezi 8. Utsi wa poizoni unaononga msipu, ziweto zoposa theka zinafa, ndipo njala imene inatsatila inapha pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 5 alionse. Mlimi aliyense amene anaonapo khola lake likutha ndi matenda adziwa tanthauzo la zimenezi.

Koma taonani za masiku ano. Mu January 1973 moto unabuka usiku pafupi ndi nyumba za anthu pa cisumbu ca Heimaey. Anthu oposa 5,000 anasamutsidwa usiku womwewo, ambili pa maboti a asodzi. Mu 2010 phili la Eyjafjallajökull linalavula phulusa limene linaimitsa maulendo a ndeke pafupifupi 100,000, koma alimi a m'munsi mwake anasamutsidwa bwino-bwino, ndipo ziweto anazitsekela m'makola kuti zisadye udzu wa phulusa. Mu November 2023 tauni yonse ya Grindavík inasamutsidwa ciphalaphala ca moto cisanatuluke. Mapili sanasiye ukali wao. Cimene cinasintha ndi cakuti akatswili ayang'anila nthaka usana ndi usiku, ndipo anthu wamba anaphunzitsidwa cocita akamva cenjezo. Lava Centre ndi mbali imodzi ya mwambo umenewo wophunzitsa anthu tsoka lisanafike.

Wina afunsa kuti, nanga ife zitikhudza bwanji? N'zoona, mu Zambia mulibe phili lophulika moto. Koma zivomezi tili nazo. Dziko lathu lili kumapeto kwa mng'alu waukulu wa East African Rift, umene ung'amba Africa pang'ono-pang'ono kucokela ku Ethiopia. Nyanja za Tanganyika ndi Malawi zili m'mng'alu umenewu, ndipo cigwa ca Luangwa naco cinapangika ndi kung'ambika kwa nthaka kwa mtundu womwewo. Madzi otentha a pa Chinyunyu, m'mbali mwa Great East Road, atikumbutsa kuti pansi pathu si pozizila.

Mu March 1989 civomezi ca ku Salima ku Malawi cinapha anthu 9 ndi kusiya zikwi-zikwi opanda pogona. Mu February 2006 ca ku Machaze ku Mozambique cinafika pa mlingo wa 7.0, ndipo cinamveka m'maiko oyandikana. Mu December 2009 zivomezi zotsatizana zinagwetsa nyumba zambili ku Karonga. Kuno kwathu, mu February 2017, civomezi ca mlingo wa 5.9 cinagwedeza dela la Kaputa ndi kuononga nyumba za anthu. Kwa anansi athu a ku Congo, phili la Nyiragongo linathila moto pakati pa mzinda wa Goma mu January 2002, ndipo linaphulikanso mu May 2021. Izi si nkhani za kutsidya kwa nyanja.

Cotidetsa nkhawa n'cakuti kamangidwe kathu kasintha koma nzelu za citetezo zatsalila. Mlimi akagulitsa cimanga, thonje kapena fodya, amanga nyumba ya njelwa zoocha, ndipo acita bwino. Koma nthawi zambili njelwazo azimanga ndi dothi, popanda ring beam yomanga zipupa zonse pamodzi. Masukulu ambili a m'midzi ndi machalichi a kumasiteshoni ang'ono-ang'ono anamangidwa motelo, ndi manja a anthu odzipeleka. Akatswili anena mobweleza kuti pa civomezi anthu ambili afa ndi zipupa ndi madenga owagwela. Cipupa colemela cosamangika bwino cigwa msanga kuposa ca nyumba ya mitengo yofoleledwa ndi udzu. Kodi m'chalichi modzaza anthu 300 pa Sondo, ndani adziwa cocita pansi pakayamba kugwedezeka?

Tidziwa kuti ena adzati tili ndi mavuto aakulu kuposa awa: cilala, mtengo wa feteleza, misewu yoipa. Sitikana. Sitikupempha boma kumanga nyumba ya mamiliyoni monga ya ku Iceland. Cimene tifuna kutengako ndi njila yao yophunzitsila, yakuti munthu aone ndi kugwila yekha. Njila imeneyi siifuna ndalama zambili. Kalipentala akhoza kupanga thebulo logwedezeka. Mmisili amangepo tinyumba tiwili ta tinjelwa, kena kokhala ndi ring beam, kena kopanda. Mwana wa sukulu agwedeze thebulolo anthu akuona. Amene aona kanyumba kamodzi kakugwa, kena katatsala, sadzafunanso kuuzidwa kawili.

Conco tipempha a Geological Survey Department, a DMMU mu ofesi ya Waciwili kwa Mtsogoleli wa dziko, ndi oyang'anila mamiziyamu athu kuti akhale pamodzi ndi kukonza cionetselo cotele. Ciyambile ku Moto Moto Museum ku Mbala, imene ili pafupi ndi nyanja ya Tanganyika, ndi ku Lusaka National Museum. Koma cisathele m'matauni. Cifike pa zionetselo za ulimi za m'maboma, m'maholo a maparishi ndi m'masukulu, ndipo cifotokozedwe m'cinenelo ca anthu. Makomiti omanga machalichi ndi masukulu nawo asamacotse ring beam pa bajeti pofuna kupulumutsa matumba angapo a simenti.

Podikila zimenezo, banja lililonse lidziwe izi. Pansi pakagwedezeka, gwadani, tetezani mutu, ndipo ngati pali thebulo kapena benchi yolimba lowani pansi pake. Musakanganilane pakhomo. Kugwedezeka kukaleka, zimani mbaula kapena nyali, tulukani mwadongosolo ndi kukaima pabwalo, kutali ndi zipupa ndi mawaya a magetsi. Civomezi cacikulu cimatsatidwa ndi zina zing'ono-zing'ono, conco musabwelele kukagona m'nyumba imene yang'aluka. Ndiponso musamvele aliyense wokuuzani tsiku limene civomezi cidzabwela. Phili lophulika limapeleka zizindikilo, koma palibe katswili padziko lonse amene angachule tsiku ndi ola la civomezi.

Makolo athu anati cakudza siciimba ng'oma. Anthu a ku Iceland anamvetsa zimenezi atataya ziweto ndi abale ao, ndipo lelo aphunzitsa ana ao pansi pogwedezeka mwadala. Ife tili ndi mwai wophunzila tisanalile malilo. A boma, abusa, ansembe, mafumu ndi aphunzitsi, nchito iyi ndi yanu, ndipo nthawi yoiyamba ndi ino pamene nthaka ikali cete.