Inali Nkhondo Yapachiweniweni

A Mkonzi,

Ndamva chisoni kuti mlembi wanu, potsata pakamwa pa boma la Kamuzu, watcha nkhondo ya Henry Masauko Chipembere zipolowe za zigawenga. Amuna amene analanda boma la Fort Johnston (Mangochi ya lero) usiku wa pa 12 February 1965, nakabwerera pa Liwonde atapeza chombo choolotsa anthu chili tsidya lina, anali ana a dziko lino, monganso asilikali amene anawasaka natentha midzi. Ndipo Medson Silombela, mmodzi wa anthu a Chipembere, anapachikidwa ku Zomba mu 1966. Pamene mbale akhetsa mwazi wa mbale wake polimbirana ufumu, ife a kunyanja kuno, amene tinalira maliro monong'ona, timati nkhondo yapachiweniweni, ingakhale inali ya nthawi yochepa. Chonde konzani, bambo.

Ine wowerenga wanu,
Nkope, Mangochi