Stiki ya mfana wa pa barbershop

Kuyambira pamene madzi anachepa ku Kariba mu 2024, malaiti n'kuyamba kuyenda maola ambiri, pool table ndiye yakhala ofesi ya anyamata mu komboni. Siifuna malaiti iyo: waponya token, mabola agwa. Wa barbershop, wa welding, onse ali pamenepo, ndipo ka K20 ka bet sikachedwa kutuluka m'thumba.

Manje ku Chawama kuli mfana wina wogela tsitsi. Analuza wiki yonse, ati vuto ni stiki ya pa table, yokhota monga mpini wa khasu, tip inachoka kudala. Anasunga tundalama miyezi iwiri, n'kukwera basi kupita ku Kamwala. Anabwerako na stiki yonyezimira, yomanga pakati, na chikwama chake chomwe. Komboni yonse inamva.

Mudala wogulitsa ma token anaigwira, n'kuyang'ana kumutu. "Mwana wanga, iyi ni ya ma table a ku America."

Sananame mudala. Ma table athu a token ni ang'ono, ndipo white ball imachepa kupambana mabola ena, ndiye chifukwa chake ikagwa imabwerera yokha. Bola yaing'ono chonchi ifuna tip yowonda, ya 8 olo 9 mm. Ya mfana inali 13 mm: akaŵerama, tip yabisa pomwe afuna kumenya, screw back yavuta. Kuwala kwa penti kulibe ntchito. Chofunika ni kuigubuduza pa table uone ngati siidumphadumpha, kumva kulemera kwake m'manja (zambiri za ma table aya zili pa 17 mpaka 19 ounce), na kuona kuti tip ni yachikumba, yogwira choko. Wogulitsa akakana kuti uichotse mu pulasitiki, yenda shopu ina.

Koma chimene mfana sanaŵerengere n'china. Munthu wofika na stiki yakeyake, anthu amamuyesa kaswiri. Amene anali kuseŵera naye za K10 anayamba kumuthaŵa, otsala ni aja a K100 pa game, amene ngakhale na mpini wa tsache amakuwina.

Pa month end alandilodi anagogoda kaŵiri. Stiki manje ili kuseri kwa kauntala ya mudala monga chikole, ndipo amaibwereketsa K2 pa game. Mfana nayenso amalipira.