Guia de marcha idabwerera, tsopano tikuyenda nayo m'thumba

Amayi anga ali ndi zaka zoposa 70 ndipo sadziwa kulemba dzina lawo. Pobwera kudzandiona kuno ku Canongola, foni yawo idatayika m'shapa yocokera ku Ulongwe. M'mawa mwake ndidapita nawo ku ofesi ya kampani ina ya mafoni m'tauni muno kuti akatenge kartau ina, ija abale athu a ku Malawi amati simu. Mtsikana wa pa kauntala adalandira bilyete yawo, nayang'ana pa kompyuta, kenako n'kufunsa kuti: "Agogo, pa nambala zanu zisanu izi, yatayika ndi iti?"

Amayi adaceukira kwa ine. Cibadwire akhala ndi nambala imodzi yokha.

Tili m'njira yobwerera m'pamene adakumbukira. Zaka ziwiri zapitazo kumudzi kudafika mnyamata wa ambulera, wogawa makartau aulere. Adajambula bilyete ya amayi ndi foni yake, kumaso ndi kumbuyo, ndipo cithunzico cidatsala kwa iye. Nambala zinayi zija zili m'manja mwa anthu amene sitikuwadziwa. Mmodzi wa iwo akadzabera munthu ndalama pa foni, dzina limene apolisi adzapeze ndi la nkhalamba ya ku Angónia yolima mbatata ya kacewere.

N'cifukwa cake ndikulembera inu, abale anga a ku Zóbuè, Calómuè, Biri-Biri, Dómuè ndi Tsangano. Dzina lanu, nkhope yanu ndi cala canu ndi cuma, ndipo tikucigawa mosasamala kuposa mmene tingagawire nkhuku.

Akuluakulu, nkhaniyi si yacilendo kwa inu. M'nthawi ya Apwitikizi munthu wakuda ankayenda ndi caderneta, kabuku kosonyeza kwawo, msonkho umene wapereka ndi nchito imene wagwira, ndipo kabukuko kakapanda kukhala bwino ankagwidwa kupita ku cibalo. Ufulu utabwera mu 1975 tidaona guia de marcha: pofuna kucoka m'dera lako unkayamba wapempha kalata, n'kunena kumene ukupita ndi cimene ukukacita. Mu 1983, pa Operação Produção, anthu a m'mizinda opanda mapepala a nchito adasonkhanitsidwa n'kutumizidwa ku Niassa ndi ku Cabo Delgado. Komabe guia unkaiona ndi maso, wosaina unkamudziwa, ndipo ukafuna unkazemba usiku kudzera m'minda. Kartau ya foni sigona, siiwala, ndipo timadzigulira tokha.

Imagwira nchito motere. Foni ikangoyatsidwa imalumikizana ndi nsanja ya netiweki imene ili pafupi, ngakhale musakuimba. Conco kampani imatha kudziwa dera limene mudagona, nambala imene mudaimbira, nthawi yake ndi kutalika kwa maceza anu. Pa M-Pesa, e-Mola ndi mKesh pamalembedwa metikali iliyonse imene mwatumiza ndi dzina la wolandira. Ife a m'malire tidalembedwa kawiri, cifukwa ambiri tili ndi kartau ya kuno ndi ina ya TNM kapena Airtel, ndipo ku Malawi nakonso kuyambira 2018 simu imalembetsedwa ndi ciphaso. Mayi akawoloka mseu pa Lizulu kukagulitsa kabici, makaundula a maiko awiri amatha kusunga mapazi ake.

Tikumbukire mmene kulembetsaku kudayambira kwathu kuno. Pa 1 ndi 2 Setembala 2010 anthu a ku Maputo ndi Matola adacita zionetsero pokwiya ndi kukwera mtengo kwa buledi, atamemezana ndi mauthenga a pa foni. Patangopita masiku ocepa mauthengawo adatsekedwa molamulidwa ndi boma, ndipo mwezi womwewo boma lidalamula kuti kartau iliyonse ilembetsedwe. Mu 2023, ndi Decreto 13/2023, lidawonjezera kuti polembetsa azitenganso zidindo za zala ndi nkhope. Cisankho ca pa 9 Okutobala 2024 citadzetsa zionetsero, pa 25 Okutobala intaneti ya m'mafoni idazima, ndipo kenako Facebook ndi WhatsApp zidatsekedwa kwa masiku angapo. Wamalonda wa pa msika amene adalibe nazo kanthu zandale adalephera kutumiza zithunzi za katundu kwa omugula. Dzanja limene lingatseke pakamwa pa dziko lonse tsiku limodzi ndi lomwelo likufuna kusunga zala zathu. Kodi kufunsa amene amaliyang'anira ndi mwano?

Boma limati likulimbana ndi umbanda, ndipo sindikutsutsa kuti umbanda ulipo. Amalonda akhala akubedwa ku Maputo ndi ku Beira, ku Cabo Delgado kuli nkhondo kuyambira Okutobala 2017, ndipo tonse tidalandirapo uthenga uja wakuti ndalama zija tumizani pa nambala iyi. Koma kulembetsa kudayamba 2010, ndipo mauthenga a akathyali sadaleke. Wakuba salembetsa ndi dzina lake. Amalembetsa ndi la amayi anga. Ukonde umenewu ukukola matemba, ng'ona ikungodutsa. Ndipo taganizani izi: nambala yacinsinsi ikadziwika mumaisintha, bilyete ikatayika mumakatenga ina, koma zidindo za zala zikabedwa m'kompyuta, cala cina mudzacitenga kuti?

Mnansi wanga wina kuno ku Canongola adandiseka. "Acimwene, ine ndilibe cobisa," adatero. "Afune amvetsere." Ndidamufunsa ngati amagona citseko cili pululu. Nkhani ya m'banja timaitulira ankhoswe, sitipita nayo pa msika. Za kudambwe ndi za kucinamwali zili ndi eni ake, osati cifukwa n'zoipa, koma cifukwa mudzi wopanda cinsinsi ulibe ulemu. Matenda amene mukumwera mankhwala, ngongole yanu, mpingo wanu, cipani cimene mumacikonda mumtima: palibe mlandu pamenepo, koma m'manja mwa munthu wolakwika zonsezo zimasanduka cikwapu. Amene adathawira ku Malawi m'nthawi ya nkhondo, isadathe mu 1992, akudziwa kuti dzina likangolembedwa pa pepala lolakwika, mbali iyi kapena iyo, munthu ankasowa.

Si boma lokha. Facebook, WhatsApp ndi Instagram ndi za kampani imodzi ya ku America, Meta, imene pafupifupi ndalama zake zonse zimacokera kwa otsatsa malonda. Simulipira polowa cifukwa cimene cikugulitsidwa ndi maso anu ndi makhalidwe anu: cimene mwaonera, cimene mwakonda, anzanu ndi ndani. Mauthenga a pa WhatsApp ndi otsekedwa kuti wa pakati asawerenge, koma kampani imadziwabe nambala yanu, magulu anu ndi nthawi imene mumalowa. Mu 2018 kudadziwika kuti Cambridge Analytica, kampani yogwira nchito za zisankho, idapeza mbiri za anthu ofika 87 miliyoni kudzera pa Facebook. Mu Julaye 2024 dziko la Nigeria lidalamula Meta kulipira madola 220 miliyoni cifukwa ca mmene inkagwiritsira nchito mbiri za anthu ake. Kwathu kuno, Movitel, imene idafikitsa netiweki m'midzi yambiri kuyambira 2012, mwini wake wamkulu ndi Viettel, ya unduna wa zacitetezo wa ku Vietnam, ndipo ina mwa magawo ake ndi ya SPI, kampani ya cipani ca Frelimo. Sindikunena kuti amamvetsera mafoni athu. Ndikunena kuti mwini nkhokwe yosungira mbiri zathu tiyenera kumudziwa, ndi malamulo amene amamumanga.

Malamulowo maziko ake alipo kale. Ndime 68 ya malamulo aakulu a dziko lino imateteza nyumba ndi makalata a munthu. Ndime 71 imaletsa kugwiritsa nchito makompyuta polemba za munthu wodziwika zokhudza maganizo ake a ndale, cipembedzo, cipani ndi moyo wake wamseri. Mozambique adavomerezanso pangano la Malabo la 2014, la maiko a mu Africa, loteteza mbiri za anthu. Koma pamene zala zathu zinkaitanitsidwa mu 2023, dziko lidalibe lamulo lapadera lonena amene azisunge, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi kumene wolakwiridwa angakadandaule. Zambia adakhazikitsa lake mu 2021, Malawi mu 2024. Sikuti kutsidyako n'kumwamba ai: a ku Malawi adakangana zaka zambiri m'makhoti za makina a MACRA amene anthu adawacha makina aukazitape. Koma adakangana poyera, ndipo ndico ndikufuna kwathu kuno.

Tsono ticite ciani? Coyamba cili m'manja mwathu. Musalole munthu wa mumseu kujambula bilyete yanu, ngakhale akupatseni kartau yaulere ndi sikipa. Musabwereke dzina lanu kuti wina alembetsere nambala, ngakhale ali mphwanu. Mukafika m'tauni, lowani mu ofesi ya kampani yanu, funsani kuti pa dzina lanu pali nambala zingati, ndipo zimene simukuzidziwa muuze azitseke. Nambala yacinsinsi ya ndalama musauze wothandiza pa banka, dinani nokha. Acinyamata, thandizani makolo: zimitsani malo osonyeza kumene foni ili, ndipo pulogalamu ya ngongole kapena ya juga ikapempha kuona maina onse a m'foni, ikanizeni. Pa gulu la WhatsApp lankhulani ngati muli pa bwalo, pakuti cithunzi ca mau anu cimayenda msanga kuposa njinga yamoto.

Caciwiri n'copita naco kwa atsogoleri. Mfumu ikaitanitsa msonkhano, mkulu wa boma kapena phungu akabwera, tifunse zinthu zinayi. Pakhale lamulo loteteza mbiri za anthu, logwira nchito mpaka kumudzi. Wina asamvetsere foni kapena kutenga kaundula wake popanda cilolezo ca woweruza. Woyang'anira zimenezi asakhale wolandira malamulo kwa nduna. Ndipo asadatenge cala ca munthu, amufotokozere m'Cinyanja, m'Cinyungwe kapena m'cinenero cimene amamva, osati kumusainitsa Cipwitikizi ca tizilembo ting'onoting'ono.

Nambala zinayi zija tidazitsekesa tsiku lomwelo. Cithunzi ca bilyete ya amayi cikadali m'foni ya mnyamata wa ambulera, kulikonse kumene ali, ndipo palibe khomo limene ndingagogode kuti acifufute. A ku Maputo sadzatifunsira zimenezi. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko.