SI NKHUMBA ILIYONSE YOFA YAFA NDI CHIGODOLA

Abale anga kumudzi kuno, ndi inu a ku Lilongwe amene mumatumiza ndalama kuti tikuwetereni nkhumba, ndiloleni ndilankhuleko.

Kuno kwathu nkhumba ikangogona pansi, tonse timati "chigodola!" Kenaka mpeni, mawa lake nyama ili kale pa njinga kupita ku Mponela kapena kwa Malomo. Palibe amene wafunsa kuti yadwala chiyani kwenikweni.

Chigodola chenicheni chija chimabwera ndi kutentha thupi, khungu kufiira m'makutu ndi kumimba, ndipo khola limatha m'masiku ochepa. Mankhwala ake kulibe. Koma kulinso tizilombo tina tokhala m'matumbo a nkhumba, tofala kudzera m'ndowe. Tambiri sitidwalitsa n'komwe, koma kena kamalowa mu msana, nkhumba n'kufa miyendo yakumbuyo, kumakhala ngati galu. Matendawa amatchedwa Teschen, dzina la dera la ku Ulaya komwe anaonekera mu 1929, ndipo anavutitsapo alimi ku Madagascar ndi ku Haiti. Ndi maso athuwa sitingasiyanitse bwinobwino.

Kachilombo nako kali ndi mfunda wake, ngati mmene ife tilili a Phiri ndi a Banda. Ku labotale amawerenga chibadwa chake n'kudziwa komwe kachokera. Ndi mmene anadziwira kuti chigodola cha ku Mchinji chili ndi mtundu wakewake, ndipo kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1980 anachipeza mu nkhufi zobisala m'makola a nkhumba. Cha ku Karonga cha mu 2019 chinali cha mtundu wina, womwewo umene unalowa ku Georgia mu 2007 n'kukafika ku China mu 2018.

Mwina muti, "Nanga zimenezo zindithandiza chiyani, nkhumba yanga itafa kale?" Zoona, fizi ya mwana yapita, zimawawa. Koma ngati vuto ndi nkhufi, khola lakalelo lidzaphanso nkhumba zatsopano zimene mugule ndi ndalama ya fodya. Ngati labwera ndi nyama kapena mavenda, tiyenera kutseka njira. Ngati ndi la m'ndowe, nkhani ndi ukhondo ndi madzi. Osadziwa dzina la mdani, timangotaya ndalama pa jakisoni wosathandiza.

Ndiye pempho langa ndi ili. Nkhumba ikadwala, itanani alangizi a ziweto isanaphedwe, kuti atenge magazi apite ku labotale ya ziweto ku Lilongwe. Yofa ikwirireni dzenje lakuya, osagulitsa. Nanunso a boma, mukatenga magazi muzibwera kudzatiuza zotsatira. Mlimi akamva yankho, ulendo wina adzaitana yekha.

Inu a m'tauni, mukamva kuti nkhumba yanu yakwiriridwa, musakalipe kuti bwanji sanagulitseko nyama. Wokwirirayo wapulumutsa makola a mudzi wonse, ndi lanu lomwe.

Nanga kwanuko, alangizi munawaona liti komaliza?