Tisiye Kugenda Akadzidzi, Usiku Nawonso Ndi Chuma

Anzanga, kadzidzi akalira padenga timati pakhomopo pagwa maliro. Fisi akalira kudambo timati mfiti zanyamuka ulendo. Koma kodi mukudziwa kuti pali anthu amene amakwera ndege ndi kulipira ndalama zambiri kuti akaone nyama zomwezi usiku? Ine ndikuti tikamazigenda, tikugenda chuma chathu chomwe.

Ku Singapore, dziko laling'ono la ku Asia, kuli paki yotchedwa Night Safari imene inatsegulidwa mu 1994. Ndi paki yoyamba padziko lonse yongolandira alendo usiku basi. Anthu amayenda pa galimoto yaitali yoyenda pang'onopang'ono, ndipo magetsi ake amawala mofooka ngati mwezi kuti nyama zisasokonezeke. Mwa nyama zimene amakaonazo mulinso afisi, amene kwawo ndi kuno ku Africa. Eti fisi yemweyu, kumeneko amamuimira pamzere!

Ife sitifunika kuitanitsa nyama kunja. Ku Liwonde National Park, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, alendo ogona m'pakimo amatengedwa usiku pa galimoto yopanda zitseko. Wowatsogolera amaunika ndi tochi yaikulu, ndipo choyamba kuoneka ndi maso a nyama. Masowo amanyezimira chifukwa kumbuyo kwake kuli kachikopa kobweza kuwala, ngati mmene amachitira maso a mphaka. Apo ndi pamene amaona changa akudumpha m'mitengo, nungu, fisi, ndi mvuu zitatuluka m'madzi kukadya udzu. Ku South Luangwa, kwa anzathu a ku Zambia, alendo ambiri amapitira nyalugwe, amene masana savuta kubisala. Ndalama za alendowa zimathandiza kulipira oyendetsa galimoto, ophika ndi alonda a nyama, ambiri mwa iwo ana a m'midzi ngati ife.

Ndikudziwa ena mukuti, "Iwe, fisi akadya mbuzi ya kwanu udzalankhula zimenezi?" Zoona, nkhawa imeneyi si yabodza. Anthu oyandikana ndi mapaki amagona m'minda kulondera chimanga chifukwa cha njovu ndi mvuu. N'chifukwa chake bungwe la African Parks, limene likuyendetsa paki ya Liwonde kuyambira 2015, linamanga mpanda wamagetsi. Mankhwala a fisi ndi khola lolimba, osati kumaliza afisi onse.

Nanga kadzidzi watilakwira chiyani? Mbuzi sadya, nkhuku zathu zimakhala zitagona m'khola. Chakudya chake chachikulu ndi mbewa ndi makoswe, omwewo amene amatimalizira chimanga m'nkhokwe. Amasaka usiku chifukwa maso ndi makutu ake amagwira bwino mumdima, komanso nthenga zake sizipanga phokoso pouluka. Si ufiti ayi, ndi Biology yomweyi timaphunzira m'kalasi. Anyamata a malegeni, mukapha kadzidzi mmodzi mwaitanira makoswe kuphwando.

Chimandiwawa n'choti mlendo wochokera kutali amadziwa usiku wa m'tchire la kwathu kuposa ife eni ake. Maulendo a sukulu amakhala a masana okhaokha, dzuwa likamapendeka basi, aliyense m'basi. Ndiye tizikonda bwanji nyama zimene timangomva kulira kwake tili m'bulangete?

Pempho langa ndi ili. Aphunzitsi oyang'anira Wildlife Club, chonde tilembereni kalata kwa akuluakulu a paki, tipemphe ulendo umodzi wausiku pamtengo wa ana a sukulu. Ife tikhoza kusonkha pang'onopang'ono, kaya pogulitsa masamba a kudimba la sukulu. Akatikana, tidzapemphanso. Pamene tikudikira yankho, legeni ikhale m'thumba, ndipo kadzidzi akalira usiku uno mumusiye, ali pantchito yolondera nkhokwe ya kwanu.

Wophunzira wa Fomu 2