Mapanga awiri avumbwitsa, ngakhale pa masewera

Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Mwambi umenewu ndimaukumbukira ndikamva mkangano wa anthu osewera Dungeons & Dragons, masewera omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa ku America m'chaka cha 1974.

Pa masewerawa anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kumayendetsa munthu wake wongopeka, madayisi n'kumagamula zochitika. Matsenga ake ndi a papepala chabe, musaope ayi.

Munthu wongopekayo amakhala ndi ntchito yake. Wina ndi Wizard, wamatsenga wophunzira m'mabuku, wina ndi Cleric, wansembe wodziwa kuchiza anzake. Malamulo a m'buku la Player's Handbook la 2014, komanso lokonzedwanso la 2024, amalola munthu mmodzi kuphatikiza ntchito ziwiri. Apa ndiye pagona nkhani.

Titenge munthu amene wakwera masitepe atatu ngati Wizard ndi awiri ngati Cleric. Powerengera mipata yoponyera matsenga, masitepewo amawonkhetsa pamodzi, choncho amapeza mipata ya munthu wa sitepe 5: inayi ya gawo loyamba, itatu ya gawo lachiwiri ndi iwiri ya gawo lachitatu. Koma posankha matsenga enieniwo, ntchito iliyonse imaima payokha. Wizard wa sitepe 3 amalekeza pa matsenga a gawo lachiwiri, pomwe Cleric wa sitepe 2 amalekeza pa gawo loyamba.

Zotsatira zake n'zakuti mkuluyu mipata ya gawo lachitatu ali nayo, koma Fireball, chimoto chotchuka cha gawo limenelo, sangachiponye. Mnzake amene adakakamira pa u-Wizard masitepe onse asanu amachiponya popanda vuto.

Ambiri amati kumeneku n'kupondereza. Amati bwanji kumupatsa munthu mbale koma n'kumumana nsima? Ena mpaka amaumiriza woyendetsa masewera kuti alikhotetse lamulolo.

Ine ndikuti lamuloli lili bwino, alisiye momwemo.

Choyamba, mipata ija sikuti imapita pachabe. Matsenga aang'ono akaponyeredwa mumpata waukulu amakula mphamvu. Magic Missile amatulutsa mivi itatu pa gawo loyamba, koma pa gawo lachitatu imakhala isanu.

Chachiwiri, wophatikizayu wapata zomwe mnzake uja alibe. Amatha kuchiza ovulala komanso kuvala zodzitetezera pankhondo zomwe Wizard wamba sadaphunzire kuvala. Tikamuwonjezeranso Fireball, nanga amene adapirira pa ntchito imodzi wapindulanji? Aliyense angayambe kudumphadumpha, ndipo kusankha ntchito sikungakhalenso ndi tanthauzo.

Kunena zoona, anthu odandaulawa ali ndi pena polondola: masamu ake ndi ozunguza mutu. Masitepe a Paladin ndi Ranger amawerengedwa theka lokha, ndipo pakatsala kachidutswa, buku la 2014 limakataya pomwe la 2024 limakakweza kukhala sitepe yathunthu. Mipata ya Warlock ndiye salowetsa n'komwe m'chiwerengerocho. Munthu woyamba kumene sangalephere kusokonezeka.

Komatu mankhwala a zimenezi si kuthyola lamulo. Woyendetsa masewera akhale pansi ndi wosewerayo asanasankhe ntchito yachiwiri, agwirizane buku lomwe akutsata, amuwonetse chomwe apeze ndi chomwe ataye. Akavomera akudziwa, asadzalire mawa poona mnzake akuponya chimoto.

Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.