Banja likatha, fomu ya penshoni musaiiwale

Ambiri mwa ife timalakalaka tsiku loyamba ntchito. Patsikulo akupatsani mapepala ambiri, ndipo limodzi ndi fomu yolembapo anthu amene adzalandire penshoni yanu ndi ndalama za inshuwalansi ya moyo mukadzamwalira. Anthu amailemba mothamanga, n'kuiiwala. Ine ndikuti fomuyi ndi yofunika kuionanso nthawi iliyonse banja likasintha, makamaka ukwati ukatha kapena munthu akalowa m'banja lina.

Si ndalama zochepa. Kuyambira 2011, lamulo m'Malawi muno limakakamiza olemba ntchito kuika 10 peresenti ya malipiro a wantchito ku penshoni, iye n'kuwonjezera 5 peresenti. Amayeneranso kumudulira inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Kwa mabanja ambiri, chuma chachikulu chimene womwalira amasiya ndi chimenechi, osati nyumba kapena galimoto.

Tiyerekeze bambo amene analemba mkazi wake woyamba, banja n'kutha, iye n'kukwatiranso, fomu osaikhudza. Lamulo la penshoni la 2011 linaika kuti chisudzulo kapena ukwati watsopano umafafaniza fomu yakale. Zikumveka bwino, koma tanthauzo lake n'lakuti bamboyu watsala wopanda mawu. Oyang'anira thumba la penshoni ndiwo adzafufuze amene ankamudalira n'kugawa mmene aonera. Anthu osamudziwa adzaweruza pakati pa mkazi wamasiye, ana a banja loyamba ndi mayi ake okalamba kumudzi. Nayo inshuwalansi imene munthu anadula yekha ili ndi mfundo zakezake, ndipo dzina lakale likatsala pamenepo, mkangano suchedwa.

Amene ndimawadera nkhawa kwambiri ndi ana a banja loyamba. Nthawi zambiri amakhala kwa mayi awo kapena kwa agogo, kutali ndi kumene mapepala akuyendetsedwa. Ena mwa anzathu pasukulu pano ndi ana otere, ndipo fizi ikavuta amadziwa okha chomwe chinachitika.

Ena amati kulemba zoterezi ndi kudziitanira imfa. Ena amati mkazi kapena mwamuna watsopano adzasamala ana onse, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwina adzaterodi. Koma bwanji kumusenzetsa mlandu woti agawe yekha, achibale akumuyang'ana ndi diso lokayika? Mukalemba mwana aliyense ndi dzina lake komanso gawo lake, mwateteza anawo, mwatetezanso mnzanu watsopanoyo ku mphekesera zoti anadya chuma cha masiye.

Kusintha fomu n'kosavuta. Pitani kwa oona za antchito kuofesi kwanu kapena kukampani yosunga penshoni, pemphani fomu yatsopano, sainani, sungani kope. Ngati makolo anu anasiyana, afunseni mwaulemu kuti fomu yawo anaiona liti komaliza. Funsoli n'lolemera pakamwa, koma chakudza sichiimba ng'oma.